Mwana wa wodwala akufuna kutengera mayi ake ku Joni kukabayitsa ma stem cell m'bondo, ndimuyankhe chiyani?

Chikondi (clinical officer, Thyolo):
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru Lachisanu lisanafike. Ndili ndi mayi a zaka 63 amene ndakhala ndikuwaona pa vuto la mawondo. Anathyola tiyi kwa zaka zambiri, dengu kumsana, kukwera ndi kutsika zitunda, mpaka mawondo anawaletsa ntchito. Onse awiri amapweteka koma lamanja ndiye lanyanya. M'mawa amauma kwa kanthawi, akayendayenda amamasuka, koma potsika mtunda kapena podzuka pamphasa ndiye zimavuta zedi. Ukagwira bondo n'kulipinda umamva kukhuluzika m'kati. X-ray ikuonetsa kuti mpata wa mbali yam'kati watsala pang'ono kutsekeka, ndipo m'mphepete mwamera timafupa. Ali ndi BP, akumwa HCTZ ndi enalapril. Thupi ndi lalikulu ndithu.

Mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito ku Joni. Wapeza kiliniki ina yolipira imene yamuuza kuti akapita nawo mayiwa, akawapopa mafuta a pamimba, n'kuchotsamo ma stem cell (maselo amene angasanduke mitundu ina ya maselo), n'kuwabaya m'bondo tsiku lomwelo, ndipo cartilage, kamnofu kosalala ka m'bondo kamene kawathera, imeranso. Mnyamatayu wayamba kale kufunafuna ngongole, ndipo akukamba zogulitsa munda wa mayi ake kuti ndalama ikwane. Wandiimbira foni, wandifunsa mwaulemu kuti, kodi adokotala zimenezi zimagwiradi? Sindikufuna kungoti ayi popanda chifukwa chomveka. Iyeyu wawerenga zambiri pa intaneti, ndipo ndikangokana pakamwa pokha aona ngati ndikuletsa chifukwa choti kuno kulibe.

A Namakhwa (OCO, clinical officer wa mafupa, Mulanje):
Tisanafike kwa ma stem cell, mwana wanga, ndiuze kaye izi. Bondo lamanjalo ndi lotupa? Ndi lotentha? Muli madzi? Akuonda kapena kutuluka thukuta usiku? Magazi anayezetsa liti? Kuno kwathu bondo limodzi likamaposa linzake kwa nthawi yaitali, TB ya m'bondo siiwalika. Munthu akhoza kukhala ndi nyamakazi ya ukalamba m'mawondo onse, n'kukhalanso ndi china m'bondo limodzi.

Chikondi:
Zikomo madala. Silotentha, madzi ndi ochepa kwambiri, sakuonda, chifuwa alibe. HIV anayezetsa chaka chino, alibe. Pa X-ray mafupa sanadyeke, m'mphepete ndi moyera molimba ngati momwe imaonekera OA yeniyeni, nyamakazi ya ukalamba ija.

A Namakhwa:
Chabwino, ndiye ndi OA imeneyo. Yankho langa ndi lalifupi: asagulitse munda. Ndaona mawondo ambiri pa ntchito imeneyi, cartilage ikatha siibwerera ndi jakisoni. Anthu amenewo akufuna kulowa m'thumba mwa mwanayo basi.

Sister Naphiri (kiliniki ya BP ndi shuga, Thyolo):
Mfundoyo ndikugwirizana nayo a Namakhwa, koma Chikondi akakalankhula choncho mnyamatayo atseka makutu. Ana athu ali kunjawa amavutika mumtima kuti anasiya makolo okha. Akapeza choti n'kuchitira mayi awo amachigwira ndi manja awiri. Ukamuuza kuti wapusitsidwa, amamva ngati wanyoza chikondi chake, ndiye amapita nawo mwakachetechete, ife n'kudzangomva atabwerako. Pakufunika kumufotokozera bwinobwino. A Tiyamike muli pompano? Inu munagwirapo maselo amenewa kusukulu.

Tiyamike (labu, Mulanje):
Ndilipo asisita, ndimamaliza ma sample. Achimwene a Chikondi, ndilemba motalikirapo chifukwa nkhaniyi ili ndi zoona zake, ndipo mnyamatayo akapeza kuti mwabisa zoonazo sakukhulupiriraninso pa zinazo.

Choona ndi ichi: m'mafuta a munthu mulidi maselo amene angathe kusanduka fupa, cartilage kapena mafuta. Anazionetsa a Patricia Zuk ndi anzawo a ku yunivesite ya UCLA ku America mu 2001, pogwiritsa ntchito mafuta otayidwa pa maopaleshoni opopa mafuta. Kachitidwe kake sikovuta kumva. Mafuta aja amatsukidwa, amathiridwa collagenase, mankhwala omasula maselo ku mnofu, n'kusiyidwa pa kutentha kwa madigiri 37 kwa theka la ola mpaka ola, kenako amazunguzidwa m'makina ozunguza otchedwa centrifuge. Ukaitulutsa chubu umaona zigawo: pamwamba mafuta achikasu akuyandama, pakati madzi ofiirira, pansi penipeni kambulu kofiira. Kambulu kameneko ndi kamene amakatcha SVF. Chofunika kuti mumvetse n'chakuti SVF si ma stem cell okhaokha ayi. Muli maselo a mitsempha ya magazi, ma macrophage, maselo oyera ndi ofiira a magazi, ndipo ma stem cell aja ndi kagawo chabe. Kiliniki ikanena kuti ipopa ndi kubaya tsiku lomwelo, chimene ikubaya ndi chisakanizo chimenechi, kapena mafuta ongophwanyidwa.

Kuti upeze ma stem cell enieni umafesa SVF m'botolo la pulasitiki, n'kuika mu incubator ya madigiri 37 ndi mpweya wa CO2 wa 5%. Amene amamatira pansi pa pulasitiki n'kuyamba kuswana, ooneka otalika ndi osongoka mbali zonse, ndiwo timawafuna. Bungwe la akatswiri a chithandizo cha maselo la ISCT linaika muyezo mu 2006: amatire pa pulasitiki, akhale ndi zizindikiro za kunja kwa selo zotchedwa CD73, CD90 ndi CD105, asakhale ndi CD45, ndipo aonetse mu labu kuti angasanduke mitundu itatu ija. Zimenezi zimatenga masabata, osati masana amodzi.

Ndiye pamene pagona nkhani yonse ndi apa. Maselo amenewa pawokha sasanduka cartilage. Ukawasiya m'madzi awo a masiku onse amangoswana mpaka botolo litadzaza. Chimene chimawauza choti akhale ndi mapuloteni ang'onoang'ono otchedwa ma growth factor, pamodzi ndi mahomoni ndi malo amene akhalapo. Growth factor ikafika imamatira pa receptor (cholandirira uthenga) ya kunja kwa selo, uthenga umalowa mpaka mu nucleus, ma gene ena amatseguka, ena amatsekeka. Ukasintha chimene wathira, umasintha chimene utulutse.

Limbani (rehab, Thyolo):
Achemwali pitirizani, tili tcheru. Kuti akhale cartilage mumathira chiyani kwenikweni?

Tiyamike:
Ndiyambe ndi zosavutazo. Mafuta ndiwo savuta, chifukwa maselowa kwawo ndi komweko. Umathira insulin, dexamethasone, IBMX ndi indomethacin, m'kati mwa selo mumadzuka PPAR-gamma ndi C/EBP-alpha, mapuloteni otsegula ma gene a mafuta, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu, ukapaka utoto wa Oil Red O n'kuyang'ana pa maikulosikopu, umaona timadontho tofiira tambirimbiri titadzaza m'selo lililonse. Fupa limafuna dexamethasone yochepa, vitamini C ndi beta-glycerophosphate, ndipo ambiri amawonjezera growth factor ya BMP-2. BMP imadutsira mwa Smad1, 5 ndi 8 kukadzutsa Runx2, puloteni yotsegula ma gene a fupa, selo limayamba kuika kashiamu, ndipo utoto wa Alizarin Red umafiiritsa pansi pa mbale. Ma BMP amenewa anayamba kudziwika mu 1965, pamene Marshall Urist anaika fupa lochotsedwa kashiamu mu mnofu wa nyama n'kuona fupa latsopano likumera momwemo.

Cartilage ndiye yovuta kuposa zonse. Choyamba maselo sungawasiye atayala pansi pa botolo. Umatenga pafupifupi 250,000, kuwazunguza kuti aunjikane kukhala kambulu kamodzi pansi pa chubu, chifukwa amafuna kukhudzana mbali zonse ndiponso amakonda oxygen yochepa. Ndiye umathira growth factor ya TGF-beta 1 kapena 3, kawirikawiri ma nanogram 10 pa mililita, m'madzi opanda serum, okhala ndi insulin, transferrin, selenium, dexamethasone ndi vitamini C. TGF-beta imadutsira mwa Smad2 ndi 3 kukalimbikitsa SOX9, ndipo SOX9 ndi imene imatsegula collagen II ndi aggrecan, zimene zimapanga cartilage yeniyeni. Madzi amenewa umasintha pa masiku awiri kapena atatu alionse, kwa masabata atatu kapena anayi osalekeza. Ukaphonya, kambulu kamafooka. Pamapeto pake umakhala ndi kanthu ka milimita imodzi kapena awiri, konyezimira, kolimbirapo ukakagwira ndi forceps, ndipo ukakadula n'kupaka Alcian blue kamachita buluu.

Palinso china chokhudza maselo a m'mafuta makamaka. Poyerekeza ndi a m'mafupa, awa samva bwino TGF-beta yokha, chifukwa receptor yake yoyamba amakhala nayo yochepa. Ofufuza anapeza cha m'ma 2006 ndi 2007 kuti pamafunika kuwonjezera BMP-6 kuti ayambe kumva. Ngakhale zitatero, cartilage yolimidwa motere imakonda kupitirira muyezo, kuyamba kutulutsa collagen X n'kumauma kulowera ku fupa, monga imachitira growth plate ya mwana, malo amene fupa lake limakulira. Imeneyo si cartilage yosalala imene mayiwa ataya.

Tsono taganizirani bondo la mayi a zaka 63 lomwe lili ndi OA. Mulibe munthu wosintha madzi pa masiku atatu alionse. Maselo akubayidwa omwazika m'madzi a m'bondo, osati ounjikana. Uthenga umene akaupeza m'menemo ndi wa kutupa, IL-1 beta ndi TNF-alpha, ndipo ziwirizi zimapondereza SOX9 n'kulimbikitsa ma enzyme odya cartilage. Pamwamba pa apo mayiwa aimirira tsiku lomwelo, thupi lonse n'kulemera pa mbali yomwe yatha ija. Ambiri mwa maselo obayidwa sakhalitsa m'bondo. Ndiye funso loti mumufunse mnyamatayo, kapena iye akafunse kilinikiyo, ndi lakuti: maselowo akalowa m'bondo, chidzawauze kuti akhale cartilage n'chiyani?

Yamikani (pharmacy, Mulanje):
Zimene mwanena za PPAR-gamma zandikumbutsa za mankhwala a shuga aja, pioglitazone ndi rosiglitazone. Ntchito yawo ndi kudzutsa PPAR-gamma yomweyo, ndipo pa chenjezo lawo pamalembedwa kuti amayi omwa mankhwalawa amathyoka mafupa kwambiri. Kodi n'chifukwa chomwecho?

Tiyamike:
Mbali yaikulu ndi yomweyo achimwene. M'kati mwa fupa muli maselo a mtundu umenewu amene angapite ku fupa kapena ku mafuta. PPAR-gamma ikakwera amapendekera ku mafuta, omanga fupa amachepa. Puloteni ina yotchedwa Wnt imachita zosiyana, imatseka njira ya mafuta n'kutsegula ya fupa. Odwala athu omwa prednisolone nthawi yaitali nawonso zimawachitikira zofananako. Zimenezi timaziona m'mawodi mwathu momwemu, kungoti sitizitchula ndi maina awa.

Chikondi:
Achemwali zikomo, mutu wayamba kutseguka. Koma mnyamatayu ndi wochenjera, ndikudziwa chimene afunse. Anena kuti, nanga bwanji osangobaya TGF-beta ndi BMP pamodzi ndi maselowo?

Tiyamike:
Chifukwa growth factor siisankha woti imuuze. Selo lililonse lokhala ndi receptor limamva, ndipo lililonse limayankha mwa njira yake. Ofufuza a ku Nijmegen ku Netherlands anabaya TGF-beta m'mawondo a mbewa za mu labu, ndipo chimene chinatuluka ndi ma osteophyte, timafupa tija timene mayiwa ali nato kale pa X-ray yanu, ndi kukhuthala kwa synovium, kansalu kokuta m'kati mwa bondo. Komanso TGF-beta yogwira ntchito imatha m'mphindi zochepa m'magazi, pamene selo limafuna kuimva kwa masabata. BMP-2 ndiye chitsanzo chabwino. Ku America inavomerezedwa mu 2002 pa maopaleshoni olumikiza mafupa a msana, ndipo imameretsadi fupa. Koma ena fupa linamera pamalo olakwika, ndipo pamene inagwiritsidwa ntchito pakhosi ena anatupa mpaka kuvutika kupuma, bungwe loona za mankhwala kumeneko la FDA n'kutulutsa chenjezo mu 2008. Mlingo wake, nthawi yake ndi malo ake, zonse zitatu ziyenera kukhala bwino, ndipo m'bondo la munthu woyenda palibe amene wakwanitsa kuzilamulira ndi jakisoni.

A Namakhwa:
Ndiye mwangotsimikiza zomwe ndanena zija, mwana wanga. Ndi bodza.

Tiyamike:
Pa zomeretsa cartilage, inde madala, sindingaike dzina langa pamenepo. Koma mawu oti bodza pa nkhani yonse ndikanawapewa, chifukwa mnyamatayo apeza mapepala oonetsa kuti ululu unachepa, ndipo mapepalawo alipodi. Maselo a m'mafutawa amatulutsa okha ma growth factor monga VEGF ndi HGF, ndi zina zoziziritsa kutupa. Arnold Caplan, yemwe anatchukitsa maselo amenewa kuyambira 1991, anadzalemba yekha mu 2017 kuti m'thupi amagwira ntchito makamaka potulutsa zinthu zimenezi, osati posanduka mnofu watsopano. Ku South Korea mu 2014 kunatuluka kafukufuku wa odwala 18 amene anabayidwa maselo a m'mafuta olimidwa mu labu, ndipo amene analandira ochuluka, 100 miliyoni, anapezako bwino. Koma anali anthu 18 okha, popanda gulu loyerekezera, komanso anali maselo olimidwa kwa masabata, osati a tsiku lomwelo.

Kafukufuku amene ayenera kumuona ndi wa mu 2023 mu Nature Medicine, wotsogozedwa ndi a Mautner a ku yunivesite ya Emory ku America. Anatenga odwala OA ya bondo 480, ena anabayidwa maselo a m'mafupa, ena SVF ya m'mafuta, ena maselo a mumchombo, ena steroid wamba. Patatha miyezi 12 palibe mtundu wa maselo umene unaposa steroid pa ululu, ndipo MRI sinaonetse kusintha kooneka. SVF imeneyo ndi chimodzimodzi chimene kilinikiyo ikugulitsa. Ndiye chilungamo chake n'chakuti ululu ukhoza kuchepa kwa kanthawi, koma osaposa jakisoni amene a Namakhwa amabaya ku Mulanje konkuno.

Sister Naphiri:
Apa ndiye pali poyambira. Sitikunena kuti wanama, tikunena kuti chimene akulipira chilipo kale pafupi. Nanga kuopsa kwake? Mayi a BP, thupi lalikulu, ulendo wa basi mpaka ku Joni atapinda mawondo.

A Namakhwa:
Ulendo wokhawo ndi vuto, magazi akhoza kuundana m'miyendo. Kupopa mafuta ndi opaleshoni ndithu, pali kutaya magazi ndi mabala. Ndipo chilichonse cholowa m'bondo chikhoza kulowetsa tizilombo. Septic arthritis, mafinya m'bondo, ikayamba atabwerera kumudzi, amene adzatsegule bondolo kulitsuka ndi ife, kilinikiyo sidzayankha n'komwe foni. Bondo la OA munthu amayendera ndi ndodo. Bondo lomwe munalowa mafinya nthawi zina limauma mpaka kalekale, ndipo kudzaikamo lachitsulo pambuyo pake kumavuta kwambiri.

Tiyamike:
Ndiwonjezere chimodzi. Mawu amene amakopa anthu ndi akuti, ndi maselo anu omwe, sangakupwetekeni. Mu 2017 New England Journal of Medicine inalemba za amayi atatu ku Florida amene anabayidwa maselo a m'mafuta awo omwe m'maso onse awiri, ndipo onse anawonongeka maso kwambiri, mmodzi anasiyiratu kuona. Diso si bondo, n'zoona, koma zikuonetsa kuti selo likaikidwa pamalo achilendo limachita zimene malowo aliuza. Ngakhale mankhwala opangidwa motsatira malamulo onse zinawavuta. Alofisel, wa maselo a m'mafuta wothandiza ma fistula a matenda a Crohn, anavomerezedwa ku Ulaya mu 2018, koma kafukufuku wachiwiri wamkulu atalephera kuonetsa phindu anachotsedwa pamsika wa kumeneko kumapeto kwa 2024.

Limbani:
Ndifunseko mbali ina. Ku labu kwathu centrifuge ilipo. Ndamva ena akukamba za PRP, kuti umangotenga magazi a wodwala, kuzunguza, n'kubaya ma platelet m'bondo chifukwa muli ma growth factor. Sitingamuuze mnyamatayo kuti m'malo mwa ku Joni tiyese imeneyo, yotchipa?

Tiyamike:
Ma platelet alidi ndi PDGF, TGF-beta ndi VEGF, koma vuto ndi lomwe lija, amatuluka nthawi imodzi, osakanikirana, n'kutha. Ku Australia anayesa pa odwala 288, zotsatira zinatuluka mu JAMA mu 2021, ndipo PRP sinapose madzi a saline pa ululu kapena pa kukula kwa cartilage patatha chaka. Komanso centrifuge yathu imazunguza ma sample a odwala osiyanasiyana tsiku lonse pa benchi yotseguka. Chinthu chochoka m'menemo sindingalole kuti chilowe m'bondo la munthu.

A Namakhwa:
Iyayi, zimenezo tisayambe n'komwe. Medical Council ingatifunse ndipo tingasowe chonena.

Limbani:
Ndamva akulu, ndasiya. Ndiye ndinene zanga zimene ndikuzidziwa. Chikondi, mayiwa nditumizireni. Quadriceps, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, ikalimba ululu umatsika ndithu, ndipo sizifuna makina. Akhale pampando, awongole mwendo, augwire choncho pang'ono, autsitse pang'onopang'ono. Kudzuka pampando ndi kukhalanso osagwira. Ndodo aigwire kumanzere popeza loipa ndi lamanja, ambiri amaigwira mbali yolakwika. Kenako za pakhomo, zimene timaziiwala: aleke kukhala pamphasa, apeze mpando wautali, pophika moto ukwere pamwamba, ndipo kuchimbudzi awapangire chokhalira cha matabwa chifukwa kunjuta ndiko kumawamaliza. Madzi azitunga adzukulu. Mwana wawo akufuna kutumiza ndalama, ndiye atumize ya mpando, ya nsapato zofewa pansi, ya kalipentala ndi ya thiransipoti yobwerera kwa ine. Apatsidwe chochita, asangouzidwa zoti asachite.

Yamikani:
Funso langa kwa Chikondi: akumwa chiyani cha ululu panopa? Osati chimene munalemba, koma chimene akumwadi.

Chikondi:
Ndangoimbira mdzukulu wawo. Akuti amagula diclofenac ndi brufen pa golosale, tsiku lina amamwa zonse ziwiri, ndipo mwana uja amatumizanso ena ochoka ku Joni amene dzina lake sakulidziwa.

Yamikani:
Limenelo ndiye vuto la changu kuposa ma stem cell. Enalapril, HCTZ ndi NSAID (mankhwala a ululu onga diclofenac ndi brufen) pamodzi ndi msampha wa impso wodziwika bwino, ndiye apa ma NSAID ndi awiri, mwina atatu. BP yawonso ikhoza kukhala ikukwera chifukwa cha omwewo. Lachisanu abwere ndi mapaketi onse, ngakhale opanda kanthu. Ayezedwe creatinine, yoonera impso, ndi Hb, yoonera kuchuluka kwa magazi. Ngati angapeze diclofenac wopaka, ameneyo ndi wabwinopo pa bondo chifukwa wolowa m'magazi ndi wochepa, ndipo panado akhale wa masiku ovuta.

Sister Naphiri:
Muyezenso shuga asanadye. Ngati a Namakhwa adzabaye steroid tiyenera kudziwiratu, chifukwa imakweza shuga kwa masiku angapo. Za thupilo ndikamba nawo ine, pang'onopang'ono. Mayi wamkulu sumangomuuza kuti muonde pamaso pa adzukulu.

A Namakhwa:
Steroid ndibaya ngati bondo latupa ndipo ululu ukuwaletsa masewera a Limbani, osati mwachizolowezi. Mu JAMA ya 2017 anaonetsa kuti obayidwa triamcinolone miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri anataya cartilage yambiri kuposa obayidwa saline, ululu n'kukhala chimodzimodzi. Ndiye ndi yothandiza kuwolokera nthawi yovuta basi. Chikondi, X-ray yako inajambulidwa ataimirira? Ngati ayi, jambulanso ataimirira, mawondo onse, AP ndi lateral (kutsogolo ndi m'mbali), unditumizire. Ngati mpata watheratu ndipo miyezi ingapo ya masewera siithandiza, tilembe kalata ya ku Queens akaonedwe ndi madokotala a mafupa pa nkhani ya bondo lachitsulo. Opaleshoni imeneyo ndi imene ili ndi umboni wa zaka zambiri. Ngati mnyamatayo ali ndi mtima wosunga ndalama, asungire imeneyo.

Chikondi:
Inajambulidwa atagona, ndijambulitsanso. Ndalemba uthenga woti ndimutumizire mnyamatayu tisanalankhulane pa foni. Tandionereni:

"Achimwene, ndafunsa anzanga a mafupa ndi a labu. Zimene mwawerenga zili ndi choona: m'mafuta muli maselo amene angasanduke fupa, mafuta, kapena kamnofu kosalala ka m'bondo kamene mayi kawathera. Koma maselowa ali ngati ufa. Ufa womwewo umaphika nsima, phala kapena chigumu, malinga ndi wophika, zimene wathiramo ndi moto wake. Mu labu amawaphika kwa masabata atatu kapena anayi, akuthira mankhwala oyeza bwino, n'kupeza kanthu kakang'ono kwambiri. Akangobayidwa m'bondo lotupa mulibe wophika. Pa kafukufuku wamkulu wa 2023 wa anthu 480, jakisoni ameneyu sanapose jakisoni wamba amene tili naye konkuno, ndipo bondo silinamere. Chonde musagulitse munda. Pali zinthu zimene mungawachitire mayi kuyambira sabata ino, ndipo ndikufuna tikambirane Lachisanu iwo ali pomwepo."

Sister Naphiri:
Uli bwino, koma yambani ndi kumuthokoza kuti amasamala mayi ake. Ndipo za mundazo musazilembe ngati lamulo lochoka kwa inu. Munda ndi wa mayiwo ndi mbumba yawo, pali alongo ake, palinso amalume. Lembani kuti nkhani ya munda idikire kaye mpaka tikambirane. Mufunsenso mayiwo paokha chimene iwo akufuna, mwana asanalowe pa foni. Mwina iwo sakufuna n'komwe ulendowo koma akuopa kukhumudwitsa mwana.

Tiyamike:
Pa sayansi palibe cholakwika. Ndikanangowonjezera mafunso oti akafunse kilinikiyo yekha, kuti aone ndi maso ake m'malo momvera ife tokha. Maselowo mumawalima kapena mumabaya tsiku lomwelo? Mumawawerenga ndi kuyeza ngati mulibe tizilombo musanabaye? Muli ndi kafukufuku wofalitsidwa woyerekeza ndi steroid kapena saline, woonetsa cartilage pa MRI? Ngati ndi kafukufuku, komiti ya ethics iti inavomereza, ndipo n'chifukwa chiyani wodwala akulipira? Dokotalayo ali m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa? Bondo likatupa mayi ali ku Thyolo, ayimbire ndani? Awapemphe ayankhe polemba. Mapepala a kafukufuku aja ndikutumizirani ku inbox kuti mumupatse.

A Namakhwa:
Mafunsowo ndi abwino, koma Chikondi udziwe kuti akhoza kupitabe. Akatero usakwiye ndipo usatseke chitseko. Kalata yonena kuti ukuvomereza chithandizocho usalembe. Lemba chidule cha matenda awo, mankhwala amene akumwa ndi zotsatira za magazi, chifukwa chimenecho ndi ufulu wa wodwala ndipo chingawateteze kumeneko. Uwauzenso kuti akabwerako bondo likatentha, kutupa kapena thupi kutentha, abwere tsiku lomwelo, usiku kapena masana.

Chikondi:
Ndamva zonse akuluakulu. Uthenga ndaukonza monga anenera asisita, ndautumiza. Wawerenga, wayankha kuti zikomo ndipo aimba Lachisanu nthawi ya nkhomaliro. Wafunsanso dzina la kafukufuku uja. A Tiyamike, creatinine kwathu kuno sitiyeza. Ndingatumize sample kwa inu kapena mayiwa apite okha ku boma?

Tiyamike:
Asavutike ndi ulendo wina. Tengani magazi m'mawa mu chubu yofiira, musiye aundane, muzunguze, mupatule serum, muike mu cooler box ipite ndi galimoto ya ma sample ku labu ya boma lanu, ndiko kufupi. Ya Hb ikhale mu chubu ya EDTA payokha. Pa fomu mulembe kuti akumwa enalapril, HCTZ ndi ma NSAID, ndipo mupemphe potassium ngati reagent ilipo.

Limbani:
Ine ndibwera Lachisanu lomwelo m'mawa, ndiwaone asanatope. Muwauze abwere ndi ndodo imene amayendera ndi nsapato zimene amavala masiku onse.